Zitsime zimene zinasamukira kumpoto: lipoti la mapu ogawana a gulu lofufuza madzi a pansi mu Lusaka

Chiyambi cha ntchito

Gulu limene ndikufotokoza pano linkafufuza madzi a pansi pa nthaka m'makomboni awiri a kumadzulo kwa Lusaka. Linkafuna kudziwa zitsime ndi ma borehole amene madzi ake amaipa mvula ikayamba, komanso ngati kuipako kumayenderana ndi kuchuluka kwa zimbudzi zokumba zoyandikana nazo. Amene amagwira ntchito ya madzi mumzinda uno akudziwa chifukwa chake funso limeneli silikalamba. Gawo lalikulu la Lusaka linakhala pamwamba pa mwala wa dolomite, umene madzi anaudya n'kusiya ming'alu ndi mapanga. Ku Kanyama, ku John Laing ndi ku Chawama madzi a pansi ali pafupi kwambiri, moti m'dzinja dzenje la chimbudzi ndi chitsime cha pakhomo zimamwa madzi amodzi. Kolera amene anabuka mu Okutobala 2017 n'kudzatha mu Meyi 2018 anagwira anthu oposa 5,000 mu Lusaka mokha, ndipo nthawi imeneyo boma linakwirira zitsime zosaya zambiri n'kuika matanki a madzi m'makomboni.

M'gululi munali mayi wina, katswiri wa madzi a pansi, amene ankatsogolera. Ophunzira awiri a digiri yachiwiri. Mnyamata woyeza madzi mu labu. Ndi anthu anayi okhala m'makomboni momwemo, amene ankayenda khomo ndi khomo kulemba zitsime ndi kutunga madzi okayezetsa. Ine anandiitana mu Disembala 2023, ntchito itayenda kale nyengo yonse ya chilimwe, kuti ndione chimene chinkasokoneza mapu awo.

Deta yawo inkachokera kutatu. Panali mndandanda wakale wa ma borehole, shapefile (mtundu wa fayilo ya mapu a pa kompyuta) imene mtsogoleri analandira kwa mnzake wa ntchito ina ya m'mbuyomo. Panali zolemba za oyenda m'makomboni, zochokera pa fomu ya pa foni ya KoboToolbox, zimene wophunzira mmodzi ankatsitsa mlungu uliwonse n'kuziika mu Excel. Ndiye panali zotsatira za madzi, zochokera ku ma labu awiri, chifukwa labu yawo ikadzaza ankatumiza mabotolo ena kunja. Zonsezi zinkakumana mu QGIS, pulogalamu yopangira mapu, pa laputopu ya wophunzira aliyense payekha, ndipo mafayilo ankayenda pa WhatsApp ndi pa flash. Sindikunena izi monyoza. Magulu ambiri aang'ono amayamba chomwechi, ndipo kwa miyezi ingapo zimayendadi.

Chizindikiro choyamba

Amene anaona vuto sanali wa makompyuta. Pamsonkhano wokonzekera ntchito ya dzinja, wophunzira wina anasindikiza mapu pa pepala lalikulu, pansi pake ataika chithunzi cha setilaiti kuti oyenda m'makomboni azindikire malo. Borehole ina ya pa kiosk, imene mabanja ambiri amagulako madzi, inali ndi kadontho kofiira, kutanthauza kuti mu madzi ake munapezeka E. coli wambiri, tizilombo tosonyeza kuti madzi akhudzana ndi zonyansa za m'chimbudzi. Mayi wina wa m'gulu la oyenda anayang'anitsitsa pepalalo, kenako anauza mtsogoleri kuti:

"Ba madam, iyi borehole mwaiika mu manzi. Apa pamene pali kadontho ni pa chidamu, pamene anali kuphwanya miyala kudala. Borehole ili kuseli kwa chalichi, uku pansi."

Anaonjezera kuti botolo la pa kiosk anatunga ndi iye mwini, ndipo nambala imene inalembedwa pambali pa kadonthoko sinali ya botolo lake.

Mtsogoleri anachita chinthu chimodzi chimene chinapulumutsa ntchito yonse: analetsa kuti mapu alionse atuluke kunja kwa gulu mpaka zitadziwika. Wophunzirayo ankaganiza kuti ndi GPS ya foni imene inaphonya, monga imachitira pakati pa nyumba za malata zothithikana. Mtsogoleri sanakhutire, chifukwa kuchoka kuseli kwa tchalitchi kufika padamu ndi ulendo woyenda mphindi zingapo.

Zimene ndinapeza: mamita 300 a kumpoto

Ndinayamba ndi ma borehole amene malo ake enieni sakayikitsa, amene thanki yake imaoneka pachithunzi cha setilaiti, kapena amene oyenda m'makomboni anawalemba ndi foni m'chilimwe chomwecho. Pa iliyonse ndinajambula mzere kuchoka pamalo enieni kufika pakadontho ka mndandanda wakale. Mizere yambiri inatuluka yofanana ngati yodindidwa: yonse yoloza kumpoto, yonse yotalika pafupifupi mamita 290. GPS ya foni siphonya motero. Imaphonya mamita asanu kapena khumi, lero kum'mawa, mawa kumwera. Madontho akasuntha onse pamodzi, mbali imodzi, mtunda umodzi, dziwani kuti nkhani ndi datum, ndiye kuti maziko amene manambala a malo pa mapu amayezedwerapo.

Mapu akale a dziko lino, kuphatikizapo mapepala a 1:50,000 amene ambiri tinaphunzirirapo, anamangidwa pa datum ya Arc 1950, imene imagwiritsa ntchito muyeso wa dziko wa Clarke 1880. Mafoni ndi zithunzi za setilaiti za pa intaneti zimagwiritsa ntchito datum ina, WGS 84. Lusaka ali mu UTM zone 35 ya kumwera pa zonse ziwiri (UTM ndi njira yolembera malo m'mamita), choncho manambala amaoneka ofanana kwambiri: kum'mawa mamita mazana asanu ndi limodzi a masauzande ndi kanthu, kumpoto mamiliyoni asanu ndi atatu ndi kanthu. Diso silingasiyanitse. Koma mukazitchula ndi manambala amene mapulogalamu a mapu amazidziwira, EPSG:20935, ya Arc 1950, ndi EPSG:32735, ya WGS 84, zimasiyana ndi mamita pafupifupi 300 kuno kwathu, ndipo kusiyana kwakeko n'kwa kumpoto ndi kumwera. Shapefile yakaleyo inafika ilibe kafayilo kake ka .prj, kamene kamanena datum. QGIS itasonyeza kuti sikudziwa, wophunzira anasankha 32735, chifukwa ndi imene gulu lonse linkagwiritsa ntchito. Madontho anagwera mu Lusaka, m'komboni yolondola, ndipo palibe amene anakayika.

Apa mpamene panali msampha wachiwiri. Njira yofulumira ikanakhala kuiuza QGIS kuti fayilo yonse ndi ya Arc 1950 n'kuitembenuza. Koma pa mizere yanga ija, ingapo inali yaifupi, yosapitirira mamita khumi. Mndandanda unali wosakaniza: munthu wina, m'zaka za pakati apa, anaonjezeramo ma borehole atsopano ndi GPS ya WGS 84 osalemba paliponse. Tikanatembenuza fayilo yonse, akale akanabwerera kwawo, koma atsopanowo akanatsetserekera mamita 290 kumwera.

Ndipo ngakhale titasiyanitsa bwino, kutembenuzako sikukanakwanira funso la gululi. Manambala osinthira Arc 1950 kupita ku WGS 84 amene mapulogalamu ali nawo a Zambia ndi ongoyerekeza a dziko lonse, ndipo amatha kuphonya ndi mamita 20 kapena kuposa. Gulu linkawerenga zimbudzi zopezeka mkati mwa mamita 30 kuchoka pa chitsime. Simungayeze mamita 30 ndi kadontho kamene mwina kali mamita 20 kumbali. Choncho tinagwirizana kuti mndandanda wakale, utatembenuzidwa, ukhale wongotilondolera kumene tikafufuze, ndipo borehole iliyonse ilowe m'kafukufuku pokhapokha munthu ataima pambali pake ndi foni, n'kujambula chithunzi. Chisankho chimenechi chinadya milungu ingapo ya oyenda m'makomboni, mvula itayamba kale, misewu ili matope okhaokha. Mtsogoleri anavomera asakufuna, koma anavomera.

Botolo la wina pa chitsime cha wina

Kusuntha kwa madontho pakokha sikukanapaka borehole ya pa kiosk utoto wofiira. Chinaipaka ndi njira imene zotsatira za labu zinalumikizidwira ku mapu.

Zitsime zinalibe mayina okhazikika. Pa botolo pankalembedwa nambala ya tsiku limenelo. Mu Excel, chitsime chinkadziwika ndi nambala ya mzere wake, imene inkasintha wina akachotsa mzere wobwereza kapena akasanja mwatsopano. Zili ngati kuitana ana potengera pamene aima pamzere: mmodzi akangochoka, onse a kumbuyo kwake asintha mayina. Wophunzira ataona kuti manambala sakugwirizana, anagwiritsa ntchito chida cha mu QGIS chimene chimalumikiza kadontho ndi kanzake koyandikana nako kwambiri. Malo amene botolo linatungidwa, olembedwa ndi foni, anawalumikiza ku chitsime kapena borehole yapafupi pa mapu.

M'dera la mafamu njira imeneyi ikhoza kugwira. M'komboni, mmene zitsime zili pafupifupi pakhomo lililonse lachitatu, siingagwire, makamaka gawo lina la madontho litasuntha. Kadontho ka borehole ya pa kiosk kanagwera m'mphepete mwa damu, pafupi ndi chitsime chosaya cha banja lina, ndipo kanatenga zotsatira za chitsimecho. Botolo lenileni la pa kiosk, limene linalibe E. coli, linakakhala pa chitsime china chapafupi ndi tchalitchi, n'kuchiyeretsa pa pepala pamene madzi ake anali asanayezedwe n'komwe. Cholakwa chachiwirichi n'chimene chinandiopsa kwambiri, ngakhale sichinakambidwe kwambiri pamsonkhano. Kadontho kofiira kolakwika anthu amakatsutsa. Kobiriwira kolakwika palibe amakafunsa.

Kuti tikonze, tinabwerera ku mapepala a pamanja amene ankapita ku labu limodzi ndi mabotolo, ndi ku zolemba zoyambirira za pa Kobo, zimene zili ndi nthawi, malo ndi nambala yakeyake ya fomu iliyonse. Mabotolo ambiri anapeza zitsime zawo. Ochepa amene sitinathe kuwatsimikizira tinawaika pambali, osawafufuta, ndi chizindikiro chakuti asawerengedwe.

Nitrate wa mitundu iwiri

Vuto lachitatu linatulukira pamene tinkachita zimenezi. Labu ina inkalemba nitrate, mchere umene umachuluka m'madzi akaipitsidwa ndi zimbudzi, monga nitrate yense, ina inkalemba nayitirojeni wa mu nitrate yekha. Manambala awiriwa amasiyana pafupifupi kanayi ndi theka: malire a WHO a madzi akumwa, 50 mg pa lita, amakhala pafupifupi 11 mg pa lita mukawerenga nayitirojeni yekha. Mu Excel yoyamba munali makolamu awiri olembedwa bwino, nitrate_as_N ndi nitrate_as_NO3. Koma shapefile imadula dzina la kolamu pa zilembo khumi. Makolamu onse awiri anafupikira pa nitrate_as, pulogalamu inasintha dzina la yachiwiri kuti zisafanane, ndipo amene anatsegula fayilo pambuyo pake anaganiza kuti ndi kolamu imodzi yobwerezedwa, n'kuziphatikiza. Zitsime zimene mabotolo ake anapita ku labu ya kunja zinaoneka ngati zoyera kuposa zinzake. Wophunzira mmodzi anali atayamba kale kulemba ndime yofotokoza chifukwa chake mbali ina ya komboni ili ndi nitrate wochepa. Chifukwa chenicheni chinali chakuti mbali imeneyo inayendedwa mlungu umene labu yawo inali yodzaza.

Januwale 2024: kupereka mapu kapena kudikira

Tili mkati mokonza, kolera amene anayamba mu Okutobala 2023 anafika pachimake. National Heroes Stadium inasanduka chipatala cha odwala kolera, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka mu Febuluwale. Komiti ya zaumoyo ya m'dera limodzi, imene inkadziwa kuti gulu lili ndi zotsatira za madzi, inapempha mapu osonyeza malo oopsa kuti idziwe koyambira kuthira klorini ndi kuchenjeza anthu.

Mkangano unali waukulu ndipo mbali zonse zinali ndi nzeru. Wophunzira wina ankati pa nthawi ya mliri kuchenjeza mopitirira n'kwabwino kusiyana ndi kukhala chete, ndiye mapu aperekedwe momwe alili ndi mawu oti ndi osamalizidwa. Mayi uja wa m'komboni ndiye anayankha. Anati anthu akamva kuti madzi a pa kiosk ali ndi matenda sasiya kumwa madzi, amangobwerera ku zitsime za pakhomo, zimene ndi zaulere ndiponso ndi zoipa kwambiri. Anatinso mawu oti osamalizidwa sayenda limodzi ndi chithunzi pa WhatsApp. Chimayenda ndi kadontho kofiira kokha.

Mtsogoleri anasankha njira yapakati. Komiti sinalandire mapu. Inalandira mndandanda waufupi wa zitsime zimene zinali zitatsimikizika zonse zitatu, malo, botolo ndi zotsatira, ndipo woyenda m'komboni mmodzi anaperekeza a komiti kukawaonetsa chitsime chilichonse ndi dzanja. Pamwamba pa mndandanda panalembedwa kuti chitsime chosapezeka pamenepo sichinayezedwe, sikuti ndi chabwino, ndipo kuti madzi onse a m'zitsime zosaya athiridwe klorini kapena awiritsidwe. Wapampando wa komiti sanasangalale poyamba. Anauza mtsogoleri kuti, "Amai, tinali kuyembekeza mapu monga ya pa TV, manje mwatipatsa pepala imodzi chabe." Komabe pepalalo analigwiritsa ntchito, ndipo kiosk sinatsekedwe.

Kusankha pokhala deta

Mliri utachepa, tinakhala pansi kukambirana mmene gulu lizigwirira ntchito. Mapulogalamu analipo ambiri, koma ndinapempha kuti tiyambe tagwirizana mfundo imodzi: pa chitsime chilichonse pakhale cholembedwa chimodzi chokha chimene aliyense akuvomereza kuti ndicho choona, ndipo zina zonse zikhale makope otayika mosadandaula.

Ophunzira ankafuna kuika fayilo imodzi ya mapu ya mtundu wa GeoPackage mufoda yogawana ya pa intaneti. GeoPackage ndi yabwino kuposa shapefile kutalitali: ndi fayilo imodzi, siduladula mayina, ndipo datum imakhala mkati mwake. Koma ndi fayilo ya SQLite, kankhokwe ka deta kokhala m'fayilo imodzi, ndipo foda yogawana imaona fayilo yonse ngati chinthu chimodzi. Anthu awiri akasintha nthawi imodzi, wina ntchito yake imatayika kapena pamabadwa makope awiri, n'kubwerera kumene tinachoka. Wina anatchula GeoNode. Ndinaikana, osati chifukwa ndi yoipa, koma chifukwa ntchito yake yaikulu ndi kufalitsa mapu kwa anthu ambiri, ndipo imafuna munthu woisamalira amene gulu la anthu osakwana khumi linalibe.

Tinasankha mapulogalamu a PostgreSQL ndi PostGIS kukhala nkhokwe ya deta yonse, ndi pulogalamu ya Mergin Maps pa mafoni a oyenda m'makomboni. Mergin Maps imagwira ntchito popanda netiweki, ndipo ikalumikizidwa imatumiza zokhazo zimene zasintha pa kadontho kalikonse, n'kusunga mbiri ya amene anasintha ndi nthawi yake. QField, pulogalamu ina ya pa foni, ikanachitanso ntchito yomweyo. Tinangotenga imene oyenda m'makomboni anaizolowera msanga titawayesetsa zonse ziwiri. Ophunzira anapitiriza ndi QGIS yawo, koma tsopano yowerenga kuchokera ku nkhokwe.

Zimene zinathandiza kwambiri ndi malamulo amene tinamanga mkati mwa nkhokwemo. Chitsime chilichonse chinalandira nambala yosasintha, yaifupi yoti munthu aiwerenge pa botolo, ndipo botolo silingalembedwe popanda nambala ya chitsime chimene chilipo kale. Zotsatira za labu zinapatsidwa tebulo lakelake, mzere uliwonse wokhala ndi dzina la choyezedwa, muyeso wake ndi labu imene inayeza. Nitrate amasinthidwa kukhala wa muyeso umodzi ndi nkhokweyo, osati ndi munthu. Kadontho kalikonse kamanena kumene malo ake anachokera ndi mmene foni inkaphonyera pa nthawiyo. Kadontho kogwera kunja kwa malire a dera la kafukufuku kamakanidwa. Lamulo lomalizali linagwira msanga: wina polemba pamanja anaiwala kachizindikiro kochotsera patsogolo pa madigiri 15, kamene kamasonyeza kuti malowo ali kumwera kwa equator, ndipo chitsime chikanakapezeka ku Sudan.

Kusuntha kadontho tinakupereka kwa oyenda m'makomboni ndi mtsogoleri okha. Ophunzira angathe kulemba kuti akukayika, koma sangakokere chitsime pamene chithunzi cha setilaiti chikuwaonetsa, chifukwa zithunzizo nazonso zimaphonya mamita angapo ndipo zina n'zakale. Izi zinawawawa pang'ono ophunzira a digiri yachiwiri, kuona kuti mayi amene sanafike ku yunivesite ali ndi mphamvu pa deta imene iwo alibe. Mtsogoleri sanasinthe.

Panalinso nkhani ya mayina ndi manambala a foni a eni zitsime. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti zokhudza anthu zisungidwe pa seva ya m'dziko muno. Kupatula lamulo, mapu onena kuti chitsime cha banja lakutilakuti chili ndi zonyansa akhoza kuyambitsa chidani pakati pa oyandikana, makamaka pamene banjalo limagulitsa madziwo. Tinachotsa mayina onse pa mapu n'kuwaika patebulo lapadera lotsekedwa, lolumikizidwa ndi nambala ya chitsime yokha, ndipo seva tinaiika mu ofesi ya gulu.

Magetsi ndi Excel ya m'thumba

Seva ya mu ofesi inakumana ndi chaka choipa. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko, chinatsitsa madzi ku damu lopangira magetsi la Kariba, ndipo pofika m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala magetsi ankasowa gawo lalikulu la tsiku. Batire ndi invata zinkasunga seva maola ochepa chabe. Oyenda m'makomboni sanavutike, chifukwa mafoni ankasunga zonse mpaka seva itadzuka. Amene anavutika ndi ophunzira, amene QGIS yawo inkafuna nkhokwe yamoyo.

Mmodzi wa iwo anabwerera mwakachetechete ku Excel yake. Tinadziwa pamene tebulo la mu lipoti lake la pakati pa chaka linasiyana ndi la mnzake pa zitsime zingapo zimene zinali zitakonzedwa mu nkhokwe. Sitinamudzudzule, chifukwa munthu ali ndi tsiku lopereka ntchito ndipo seva yazima. Tinachita ziwiri. Gawo lopanda mayina a anthu tinalisamutsira pa seva yobwereka imene siidalira magetsi a mu ofesi, tebulo la mayina n'kutsala pa kompyuta ya mu ofesi. Kenako tinakonza kuti usiku uliwonse nkhokwe izitulutsa kope la GeoPackage ndi la Excel, lolembedwa tsiku pa dzina lake, loti aliyense atenge n'kugwiritsa ntchito popanda intaneti. Pangano linali lakuti tebulo lililonse lolowa mu lipoti linene tsiku la kope limene linachokera, ndipo cholakwa chikaoneka chikonzedwe ku nkhokwe, osati m'kope. Kwa anzanga amene mukumanga zoterezi, pamenepa ndi pofunika: ngati njira yovomerezeka ili yovuta kuposa kusunga kope lako, anthu adzasunga makope, kaya mwalemba malamulo otani.

Manambala a pa zitsime nawo anatiphunzitsa kanthu. Poyamba tinakhomera timapepala ta aluminiyamu, ndipo tambiri tinasowa, mwina kupita kwa ogula zitsulo zakale. Tinasintha n'kumalemba ndi penti ya mafuta pa simenti ya pakamwa pa chitsime, mwini wake atavomera, ndipo chithunzi cha nambalayo chimasungidwa mu nkhokwe.

Zotsatira

M'dzinja la 2024 kulowa 2025 gulu linatunga madzi pa zitsime zomwezo, ndipo kwa nthawi yoyamba linatha kuyerekeza chilimwe ndi dzinja pa chitsime chimodzichimodzi popanda kukayika. Mbali ija ya komboni imene inkaoneka ya nitrate wochepa inafanana ndi zinzake. Chitsime cha pafupi ndi tchalitchi, chimene mapu oyamba anachiyeretsa, chinapezeka ndi E. coli, ndipo eni ake anauzidwa pamaso, osati kudzera pa mapu. Borehole ya pa kiosk inakhalabe yabwino m'chilimwe, koma botolo limodzi lotungidwa mvula yamphamvu itangogwa linaonetsa tizilombo pang'ono. Oyendetsa kiosk anauzidwa tsiku lomwelo, anayang'ana simenti ya pamutu pa borehole, anapeza mng'alu umene madzi osefukira ankalowerapo, n'kuumata. Botolo lotsatira linali loyera.

Funso la mamita 30 linapereka yankho limene ophunzira sankaliyembekezera. Malo atakhala olondola, kuchuluka kwa zimbudzi mkati mwa bwalo la mamita 30 sikunafotokoze bwino zitsime zoipa. Zina zozunguliridwa ndi zimbudzi zinali zabwinoko, zina zotalikirana nazo zinali zoipa. Mtsogoleri sanadabwe kwambiri: mu dolomite madzi sayenda mofanana mbali zonse, amathamanga m'ming'alu ndipo amatha kunyamula zonyansa kuchokera kutali. Bwalo lojambula pa mapu limaganiza kuti pansi ndi mchenga. Kafukufuku anatembenukira ku kuya kwa chitsime, mmene pakamwa pake panamangidwira, ndi kuyandikira kwa malo osefukira ndi madamu akale a miyala. Pa mapu osokonezeka aja, kusagwirizana komweku kukanaoneka, koma palibe akanadziwa ngati wolakwa ndi mwala kapena fayilo.

Ma borehole ena a mumndandanda wakale sanapezeke konse ngakhale anafunidwa kumpoto ndi kumwera komwe. Mwina anakwiriridwa, mwina panamangidwa nyumba. Ali mu nkhokwe ndi chizindikiro chakuti sanapezeke, pamodzi ndi manambala awo oyambirira osatembenuzidwa. Mtsogoleri anabweza mndandanda wokonzedwa kwa mnzake uja anamupatsa woyamba, ndi kalata yofotokoza za datum ziwiri, popeza fayilo yomweyo inali itapatsidwanso magulu ena.

Ndalama za kafukufuku zikutha chaka chino, ndipo palibe amene walonjeza kulipirira seva yobwereka pambuyo pake. Takonza kuti ikadzatsekedwa, kope lomaliza la GeoPackage lidzasungidwe ku dipatimenti ya mtsogoleri limodzi ndi chikalata cha masamba awiri chonena datum, tanthauzo la kolamu iliyonse, miyeso ya labu ndi mabotolo amene sayenera kuwerengedwa. Chikalata chomwecho tachilowetsanso ngati tebulo mkati mwa GeoPackage, kuti fayilo ikadzayenda pa flash isadzachisiye m'mbuyo. Tebulo la mayina a eni zitsime lidzafufutidwa, monga momwe anauzidwira pamene ankavomera kulembedwa.